Kodi Nkoyenera Kuthandiza Wodwala Kuti Afe?

Ndapempha malo m'magazini athu ano kuti ndiyalepo maganizo anga pa nkhani imene ena angati siyoyenera mwana wa sukulu. Nkhani yake ndi iyi: munthu akadwala kolimba, nazunzika usana ndi usiku, napempha dokotala kuti ampatse mankhwala ofupikitsa moyo wake, kodi dokotalayo amvere? Ndidziwa kuti kwathu kuno za imfa sitikamba poyera, ndipo mwana akazitchula akulu amati akulosera. Koma ambiri a ife amene tili mu Fomu 3 ndi Fomu 4 tikufuna kudzakhala madokotala, anamwino ndi maloya, ndipo funso limeneli lidzatipeza tili pa ntchito. Kuli bwino tiyambe kulilingalira tsopano tidakali pa desiki.

Nkhani imeneyi siyopeka iyayi. M'chaka cha 2002 maiko a Netherlands ndi Belgium adayamba kutsata malamulo olola dokotala kufupikitsa moyo wa wodwala amene wapempha yekha, ngati masautso ake ali osapiririka ndipo palibenso njira yowachepetsera. Azungu amachitcha chimenechi euthanasia. Ku Switzerland, ndi ku Oregon m'dziko la America, kachitidwe kake nkosiyana pang'ono, pakuti dokotala amangolemba mankhwala ndipo wodwalayo amamwa ndi dzanja lake. Dziko la Canada lidatsatira mu 2016, ndipo m'chaka cha 2023 chokha anthu 15,343 adafa m'njira imeneyi kumeneko, ndiko kuti pafupifupi maliro amodzi pa maliro 20 alionse. Kuno kwathu lamulo likana. Ndime 228 ya buku la malamulo a milandu, lotchedwa Penal Code, inena kuti wothandiza mnzake kudzipha angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo ndime 16 ya Malamulo Aakulu a dziko lino a mu 1994 iteteza moyo wa munthu aliyense.

Tsono ndisanatsutse, tiyambe tamva mbali inayo, chifukwa ofuna lamulo lotere si anthu ankhanza monga ena angaganizire. Ku South Africa kudali loya wina dzina lake Robin Stransham-Ford, amene khansa idamfikitsa pothera. Mu April 2015 iye adapempha Bwalo Lalikulu la ku Pretoria kuti dokotala aloledwe kumuthandiza kufa popanda kuimbidwa mlandu. Woweruza adavomera pa 30 April, koma mwini pempholo adali atamwalira kale tsiku lomwelo, maola owerengeka chigamulo chisanaperekedwe, ndipo mu December 2016 bwalo la apilo lidachifafaniza. Ngakhale Akibishopu Desmond Tutu, munthu wa Mulungu amene tonse tamva mbiri yake, adalemba mu 2014 kuti agwirizana ndi lamulo lotere, ndipo pokwanitsa zaka 85 mu 2016 adanena kuti iye mwini akadakonda kukhala ndi ufulu wosankha nthawi yake ikadzafika. Mfundo ya anthu amenewa ndi yomveka. Iwo ati moyo ndi wa mwini wake, nanga nchifukwa ninji munthu amene watsala ndi milungu iwiri timkakamiza kuitsiriza akubuula, pamene iye yekha wati zakwana? Aliyense amene adagonapo m'nyumba imodzi ndi munthu wobuula usiku wonse sangaseke funso limeneli.

Komabe ine ndikana, ndipo kukana kwanga kuyambira pa mawu amene malamulo onsewa atsamirapo, akuti nthenda ndi yosachiritsika. Ku Brussels mawu amenewa atanthauza kuti madokotala ayesa zonse zimene adziwa ndipo zakanika. Nanga ku Bangwe, ku Ndirande kapena ku Mbayani atanthauzanji? Kawirikawiri atanthauza kuti wodwalayo adafika mochedwa chifukwa adalibe ya minibasi, kapena adayamba wazungulira kwa asing'anga ndi kwa aneneri, kapenanso chithandizo chake chilipo ndithu koma chili ku India. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene amayi ochuluka koposa amafa ndi khansa ya khomo la chiberekero, nthenda imene ikapezeka msanga ichizika, ndipo ili ndi katemera amene atsikana adayamba kulandira m'dziko lonse lino mu 2019. Kwa zaka zambirimbiri m'Malawi mudalibe makina owotchera khansa, kotero kuti odwala ankalembedwa pa mndandanda wa otumizidwa kunja, ndipo ambiri ankamwalira dzina lawo lisanaitanidwe. Kodi mayi wotere tinene kuti nthenda yake idali yosachiritsika, kapena tinene zoona kuti chimene chidasowa ndi ndalama?

Kafunseni makolo anu za zaka za m'ma 1990. Masiku amenewo munthu akapezeka ndi kachilombo ka HIV aliyense ankadziwa kuti kwake kwatha. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene agogo athu amachitcha Gulupu, odwala ankagona ena pa bedi ena pansi, ndipo amisiri okhoma mabokosi ndiwo adali pa ntchito yotentha. Mu 2004 boma lidayamba kugawa ma ARV aulere, ndipo anthu amene abale awo adali atayamba kale kunong'onezana za ufa wa pamaliro adadzuka, nanenepa, nabwerera ku ntchito. Ena a iwo ndiwo akutilipirira fizi lero lino. Likadakhalapo lamulo lothandiza kufa mu 2002, ndi angati akadapempha? Ndipo dokotala akadawakaniza ndi chifukwa chotani, popeza adali kuzunzika koopsa ndipo aliyense ankati sadzadzukanso? Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Tsono tibwere pa ululu, pakuti ndiwo uchititsa anthu ambiri kunena kuti kuli bwino kufa. Ambiri a ife sitidziwa kuti ululu wa khansa uli ndi mankhwala, ndiponso kuti mankhwala ake si odula. Dzina lake ndi mofini. Amachokera ku chomera china cha maluwa, ndipo adadziwika zaka zoposa 200 zapitazo. Ufa wake amausungunula m'madzi ndi kuuthira m'botolo, wodwala namamwa pang'ono pa maola anayi alionse ali kunyumba kwake. Dokotala wina wachizimayi, Anne Merriman, ndiye adafalitsa njira imeneyi ku Uganda kuyambira mu 1993. Koma mu 2017 gulu la akatswiri limene lidasonkhanitsidwa ndi magazini a zachipatala otchedwa The Lancet lidapeza kuti pa matani pafupifupi 300 a mankhwala a mtundu umenewu amene amagawidwa pa dziko lonse pa chaka, maiko osauka onse pamodzi amalandirapo makilogalamu 100 okha. Aphunzitsi athu a masamu atitsimikizire, koma ine ndawerengera ndipo ndapeza kuti ndi gawo limodzi pa magawo 3,000. Maiko amene akukangana za ufulu wa kufa ndi amene makabati awo adadzaza mofini kalekale. Ife tisatengere mkangano wawo tisanatengere kabatiyo.

Sikuti kuno kulibe amene akuyesetsa. Ku Gulupu komweko zaka zoposa 20 zapitazo kudakhazikitsidwa Tiyanjane, yosamalira akuluakulu amene matenda awo afika posachizika, ndi Umodzi, yosamalira ana. Ku Salima mayi Lucy Finch, namwino wa kwathu konkuno, adatsegula Ndi Moyo mu 2007, atamva kulira kwa msilikali wachinyamata amene ankafa m'chipatala popanda chomuchepetsera ululu. Boma nalo lidalemba ndondomeko yake ya chisamaliro chimenechi mu 2014. Ntchito ya anthu amenewa ndiyo kuletsa ululu, kutsuka zilonda, kuphunzitsa wodwazika matenda katembenuzidwe ka wodwala kuti asachite zilonda za pabedi, ndi kukhala pansi kumva zimene zili kukhosi kwa wodwalayo. Koma iwo ndi ochepa, odwala ndi ochuluka, ndipo mabanja ambiri m'makomboni mwathumu sadamvepo kuti chithandizo chotere chilipo.

Ine izi ndidaziona ndi maso pa azakhali anga, amene adadwala khansa tili nawo m'nyumba ku Bangwe. Chipatala china chidawatulutsa ndi timapiritsi ta mutu basi. Usiku ankalira kotero kuti ife ana tinkaphimba makutu ndi bulangeti, ndipo abambo ankatuluka kukakhala pakhonde mpaka tambala woyamba. Tsiku lina ndidawamva akuuza amayi kuti, "Alamu, mundithandize ndizipita. Ndakutopetsani, ndipo ndalama za fizi za ana zikuthera pa ine." Amayi adangoti, "Musatero alamu," nagwetsa misozi. Patapita masiku, mayi wina wa kumpingo adatilozera kwa anamwino a chisamaliro chochepetsa ululu, ndipo mmodzi wa iwo adabwera kunyumba ndi botolo la mofini, naphunzitsa amayi kapimidwe kake. Usiku wachiwiri azakhali adagona tulo koyamba pa mwezi wathunthu. Tsiku lachitatu adapempha phala la mgaiwa lotsira nsinjiro.

Sadachire iyayi. Adakhala milungu isanu ndi umodzi. Koma m'milungu imeneyo adaitanitsa achimwene awo ena a kumudzi amene adayambana nawo za munda, nagwirana chanza. Adagawa zitenje zawo kwa amene adafuna kuwapatsa. Adamuuza mwana wawo wamkazi zimene mayi amauza mwana wake. Ndipo ine adandidzudzula chifukwa cha malikisi anga a Chingerezi, mpaka tidaseka tonse. Za kupempha imfa sadazitchulenso ngakhale kamodzi. Pakadakhala pepala loti asaine usiku uja, likadalembedwa kuti chimenecho ndicho chifuniro chawo. Ine ndinena kuti zimene zinkalankhula usiku uja ndi ululu ndi manyazi.

Taonani mawu awo aja akuti ndakutopetsani. Ku Oregon, kumene madokotala amalemba zifukwa za odwala ndipo boma limazisindikiza chaka ndi chaka, pafupifupi theka la ofa m'njira imeneyi amakhala atatchula mantha akuti asanduka katundu wolemera kwa abale awo. Ngati zili tero ku America, nanga kuno kumene wodwala mmodzi amaimitsa nyumba yonse? Mayi asiya geni yake ya tomato mumsika wa Limbe kuti akakhale gadiyani, nagona pa simenti, naphika pa mafuwa kuseri kwa chipatala. Mtsikana ajomba kusukulu kuti alere ang'ono ake. Njinga igulitsidwa, wailesi itsatira, kenaka katapira. Wodwala aona zonsezi ali chigonere. Palibe amene angamuuze kuti afe, koma khomo likakhala lotsegula, iye yekha adzayamba kudzifunsa ngati kukhalabe ndi moyo si umbombo. Ngakhale kolemera komweko zotere zidaonekapo. Mu 2022 mayi Christine Gauthier wa ku Canada, amene adali msilikali ndipo amayenda pa njinga ya olumala, adauza komiti ya Nyumba ya Malamulo kuti pamene ankadandaula za kuchedwa kwa chipangizo chomuthandiza kukwera masitepe a nyumba yake, wogwira ntchito m'boma adamtchulira za kuthandizidwa kufa.

Ndipo tisadzinamize kuti abale onse ndi achifundo. Tonse tamva za olanda chuma cha amasiye maliro ali m'nyumba, ndipo mu January 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa powaganizira ufiti. M'dziko lotere, chidindo cha chala cha gogo wosadziwa kuwerenga, amene ali ndi puloti ku Chilomoni, adzachifufuze ndani?

Palinso nkhani ya kukhulupirira chipatala. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa idayambira ku Mulanje, nifalikira ku Phalombe ndi ku Thyolo mpaka muno mu Blantyre. Anthu osalakwa adaphedwa, ndipo azachipatala nawo ankaganiziridwa. Pa nthawi ya katemera wa Covid-19 mu 2021 tidamvanso anthu akunong'onezana m'maminibasi kuti jakisoniyo ndi wotha anthu. Ngakhale mofini yemweyu ena amamkana poganiza kuti ndi mankhwala otsirizira wodwala. Lero namwino angathe kuyankha ndi mtima woyera kuti, "Agogo, kuno sitipha munthu." Tsiku limene yankholo lidzasanduke lakuti timapha opempha okha, agogo ambiri sadzapondanso pa chipata cha chipatala.

Za ana ndiye ndikana kwamtuwagalu. Mu 2014 dziko la Belgium lidachotsa malire a zaka pa lamulo lake. Lidaika mipanda ndithu: mwanayo akhale pafupi kufa, ululu wake ukhale wa m'thupi, katswiri atsimikize kuti akuzindikira chimene akupempha, ndipo makolo avomere. Woyamba adali wa zaka 17, mu 2016. Ku Netherlands mwana angapemphe kuyambira zaka 12, ndipo mu 2024 adatsegulanso njira ya ana a chaka chimodzi mpaka zaka 12 amene ali pafupi kufa. Ana amene afa motere ndi owerengeka, ndipo sindikaika kuti makolo awo adawakonda. Koma ife olemba ndi owerenga magazini ano ndife ana, ndipo tidzidziwa. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo yathu idasintha Malamulo Aakulu kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sangalowe m'banja ngakhale makolo atavomera. Aphungu adadziwa kuti "inde" wa mtsikana wa zaka 15 kawirikawiri amachokera mu umphawi wa makolo ake. Ngati sitikhulupirira "inde" wake pa ukwati, umene ungathe kutha iye nkubwerera kusukulu, timkhulupirire bwanji pa imfa?

Mwana wa kuno waleredwa kuti asamatsutse akulu, ndipo nkhope ya amayi ake amaiwerenga bwino kuposa buku. Akaona amayi aonda ndi kudwazika, abambo akubisa misozi, adzanena chimene aganiza kuti chiwapumitsa, ndipo akatswiri adzalemba kuti wasankha yekha. Kumbukiraninso kuti thupi la mwana limadabwitsa. Ku wodi ya ana ku Gulupu kwakhala kukubwera ana otupa nsagwada kapena mimba ndi khansa yotchedwa Burkitt, ooneka ngati sangafike mawa, ndipo ochuluka ndithu abwerera kwawo atachira ndi mankhwala. Amene sangachire ndiwo chifukwa chake Umodzi idakhazikitsidwa, kuti mwana asamve kuwawa, asewere pamene angathe, ndipo mayi ake asakhale yekha.

Kwatsala mbali imene yandivutitsa koposa, ya matenda a maganizo. Ku Netherlands anthu 138 adathandizidwa kufa mu 2023 chifukwa cha matenda amenewa, ndipo mu 2024 chiwerengerocho chidafika pa 219. Mmodzi wa iwo adali Zoraya ter Beek, wa zaka 29, amene thupi lake lidali bwinobwino koma adavutika zaka zambiri ndi nthenda ya kukhumudwa. Canada idafuna kutsegula khomo lomweli, koma idazengereza kangapo, ndipo mu 2024 idaimika nkhaniyi mpaka March 2027, pakuti ngakhale akatswiri awo sadamvane za m'mene angadziwire kuti wodwala maganizo sadzapezanso bwino. Sindikuti kuwawa kwa mumtima nkochepa poyerekeza ndi kwa m'thupi. Amene adakumana nako anena kuti nkolemera ngati mwala. Koma pali kusiyana kwakukulu. Khansa ingakhale m'chiwindi mutu uli wabwino, koma nthenda ya kukhumudwa ili m'mutu momwemo mochokera pempholo. Kufuna kufa ndi chimodzi mwa zizindikiro za nthendayo, monga kutentha thupi kuli chizindikiro cha malungo. Munthu wa malungo aakulu akamabwebweta kuti mumsiye panja, sitimvera. Timnyamula ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Nanga kuno zinthu zili bwanji? Chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa chili ku Zomba, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo muno mu Blantyre odwala amaonedwa ku Room 6 ku Gulupu. Madokotala akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa kwambiri m'dziko limene kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni. Lamulo limene tidayendera zaka zoposa 70 pa nkhaniyi lidalembedwa ndi atsamunda mu 1948. Odwala ambiri sadaonanepo ndi katswiri ngakhale kamodzi. Ena amangidwa zingwe m'nyumba, ena atengedwa kukatulutsidwa ziwanda, ena ndi aja timawaona akutola m'mabini pa depoti ya Limbe kapena pa Wenela, ana nkumawagenda, ife a yunifolomu nkumaseka. Munthu amene sadalandirepo chithandizo, tinganene bwanji kuti chithandizo chamkanika?

Amene tiphunzira mbiri ya dziko lapansi tidziwa kuti ku Germany, kuyambira mu 1939, boma la Hitler lidayamba kupha ana olumala ndi odwala maganizo, ndipo pofika August 1941 anthu oposa 70,000 adali ataphedwa. Awo sadapemphe, kotero sindikufanizira madokotala a ku Netherlands ndi akupha aja. Ndingokumbutsa kuti nawonso ntchito yawoyo ankaitcha imfa ya chifundo, ndipo adayambira pa anthu amene ena ankati moyo wawo ulibe phindu.

Pano ndilankhule ndi inu anzanga mosabisa. Apolisi akhala akulengeza chiwerengero cha anthu odzipha, ambiri a iwo amuna, ndipo pakati pawo pamakhala achinyamata a msinkhu wathu, wina chifukwa cha zotsatira za MSCE, wina chifukwa cha chibwenzi, wina chifukwa cha fizi. Sitingathe kuuza mnyamata wa Fomu 4 kuti mdima umene wamgwera udzatha, pamene khomo linalo dokotala akuvomereza kwa wina kuti mdima wake sudzatha. Ngati pali wina wowerenga amene maganizo otere amamfikira, ndikukupempha, usawasunge wekha. Uuze mphunzitsi amene umamkhulupirira, kapena amatroni, kapena kholo, kapena upite kuchipatala ukanene monga umanenera malungo, pakuti nthendayi ili ndi chithandizo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndipo iwe amene mnzako wakuululira zotere, usamseke, usamuuze kuti mwamuna salira, ndipo usalonjeze kusunga chinsinsi. Kauze wamkulu tsiku lomwelo.

Wina adzati, kodi ndiye kuti munthu azimangiriridwa ku makina ndi mapaipi mpaka mpweya womaliza? Iyayi. Kuleka kulimbana ndi imfa ndi kuiitana imfa ndi zinthu ziwiri, ndipo makolo athu adazisiyanitsa kale. Madokotala akanena kuti palibenso chochita, banja limapempha kumtengera wodwala kumudzi kuti akatsirizikire pakati pa abale ake, atasiya mawu. Munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu wokana opaleshoni kapena mankhwala amene angomtalikitsira masautso, ndipo dokotala ayenera kumpatsa mofini wokwanira osaumira. Pamenepo chimene chatenga munthuyo ndi nthenda yake, osati dzanja la mnzake.

Atsalabe ena ochepa amene ngakhale mofini sawafika. Kwa otere madokotala ali ndi njira yowagoneka tulo tatikulu m'masiku awo otsiriza kuti asamve kuwawa. Komabe ndidziwa kuti "ayi" wangayu ali ndi mtengo wake, ndipo oulipira ndi odwalawo, osati ine wolemba ndili bwinobwino pa desiki. Nchifukwa chake ndiona kuti wokana lamuloli alibe danga lopinda manja. Mipingo yathu ndi mizikiti ikana kolimba, ndipo ichita bwino. Koma kukana pa guwa nkosavuta, chovuta ndi kuchapa nsalu za wodwala mbandakucha madzi a pa mpopi atasiya kutuluka.

Tsono ndikupempha zinthu zimene ife ana a sukulu tingathe. Aphunzitsi aakulu atiitanire namwino wa chisamaliro chochepetsa ululu kuti adzatilankhule pa asembule, makamaka mwezi wa October, pakuti Loweruka lachiwiri la mwezi umenewo ndilo tsiku lokumbukira ntchito imeneyi pa dziko lonse. A SCOM, a YCS ndi anzathu achisilamu, amene timasonkhana kale sabata ndi sabata, tipatule Loweruka limodzi pa mwezi kuti tikafike m'makomo mmene muli wodwala wa nthawi yaitali. Mankhwala tilibe, koma tingathe kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kusesa pabwalo, ndi kukhala ndi wodwalayo maola awiri kuti wodwazika agoneko kapena akafike kumsika. Amene afuna kutsutsa zimene ndalembazi, Akonzi andiuza kuti malo alipo m'magazini a teremu ya mawa, ndipo ndidzawerenga ndi chidwi. Amene afuna ntchito ya Loweruka ija akalembetse kwa apulifekiti a Fomu 4 lisanafike Lachisanu, ndipo atchule dera limene akhala, kuti a ku Bangwe ayende ndi a ku Bangwe, a ku Ndirande ndi a ku Ndirande, pasakhale wopempha ndalama ya minibasi kunyumba.

Wophunzira wa mu Fomu 4